Chipatala Chakale cha pa Chilumba cha Mozambique



Pamene a Mlembi anandiimbira lamya kundiuza kuti chaka chino woyankhula ndine, ndinayesa kuzemba. Ndinati ine ndine munthu wa m'boma, ntchito yanga ndi mafayilo ndi malipoti, ndipo palibe amene angapirire kumva za mafayilo atangodya kumene nkhomaliro. Iwo anati, "Achimwene, kambani chilichonse chimene munaona ndi maso anu, bola zisakhale ndale." Tsono ndasankha kukamba za nyumba. Nyumba yake ndi chipatala chakale chimene Apwitikizi anamanga pa chilumba cha Mozambique, chimene kumeneko amachitchula kuti Ilha de Moçambique. Ndinachiona tsiku limodzi lokha, koma chandisowetsa mtendere kufikira lero, ndipo chifukwa chake muchimva.

Munali mu 2019. Tinatumidwa anthu atatu ku Nacala kukakambirana za katundu wathu amene amadzera pa doko limenelo, makamaka feteleza. Zokambirana zinatha Lachisanu, ndipo ulendo wobwerera unali wa Lamulungu. Loweruka m'mawa mnzathu wa ku Nampula amene ankatimasulira Chipwitikizi anati sitingabwerere kwathu tisanaone malo amene dziko lake linatengerapo dzina. Tinadzera pa Monapo, n'kutsetserekera ku Lumbo, ndipo kumeneko msewu unathera pa mlatho. Mlathowo unamangidwa mu 1967, ndi wautali kuposa makilomita 3, koma ndi wopapatiza moti galimoto ziwiri sizipambana pokhapokha pa malo ena amene anakuzako dala. Ine mwana wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje, amene ndinakula ndikuyesa kuti mlatho waukulu ndi wa pa Ruo, ndinangogwiritsa mpando osayang'ana kumbali.

Chilumbacho n'chaching'ono. Mlitali mwake ndi makilomita 3, ndipo mlifupi simupitirira theka la kilomita. Koma pa kadera kochepa choteroko pali matauni awiri. Kumpoto kuli tauni ya miyala ndi laimu, kumene kuli linga la São Sebastião limene anayamba kumanga mu 1558, nyumba yakale ya bwanamkubwa, matchalitchi ndi nyumba za amalonda. Kummwera kuli Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri a pachilumbapo, ndipo dzinali ndi la masamba a mtengo wa kokonati amene amafolerera nyumba. Ukamachokera ku mlatho umayamba wadutsa Macuti. Pamene Macuti akuthera, tauni ya miyala n'kuyamba, m'pamene pali chipatala. Chaima pamalire penipeni.

Nditatsika galimoto ndinayesa kuti ndi bwalo lalikulu la milandu. Kutsogolo kuli nyumba zitatu zondondozana zoyang'ana pabwalo, zokhala ndi masitepe otambalala ndi nsanamira zazitali zonga zimene tinkaziona pa zithunzi za Agiriki ndi Aroma m'buku la mbiri yakale la Fomu 1. Chimene chili kumanja chili ndi chinzake kumanzere. Kuseri kwake kuli nyumba zina zazitali zotalikirana, ndipo pakati pa nyumbazo pali mabwalo amene kale anali minda ya maluwa, yokhala ndi maiwe ndi akasupe ochita kumanga. Mabuku olondolera alendo amati kwa zaka zambiri chimenechi ndicho chinali chipatala chachikulu koposa kummwera kwa chipululu cha Sahara. Ine sindinapite ndi tepi, koma ukulu wake unandikwanira. Mbali ina inali kugwirabe ntchito, amayi atakhala pa benchi ndi ana kumbuyo kudikira namwino. Mbali zambiri zinali mabwinja, zopanda zitseko, zina denga litagwera m'kati.

Anayamba kuchimanga mu 1877. Tiyeni chakachi tichiyike pafupi ndi zathu kuti chimveke. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Nyumba ya Mandala, imene timainyadira kuti ndi nkhalakale, ndi ya 1882, ndipo Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwao mu 1891. Ndiye kuti pamene amishoni a ku Blantyre ankagona m'nyumba zaudzu, kunyanja yamchereku anthu anali kusema nsanamira za chipatala.

Komatu chimenechi sichinali chipatala choyamba pachilumbapo. Vasco da Gama anafikapo mu 1498, n'kupeza kale amalonda achisilamu ndi mfumu yao. Mu 1507 Apwitikizi anakhazikikapo, ndipo zina mwa nyumba zoyamba zimene anamanga zinali kalinga kakang'ono, tchalitchi ndi chipatala. Sikuti anali anthu achifundo kuposa ena ayi. Kunali kukakamizidwa. Zombo zao zochokera ku Lisbon kupita ku Goa zinkakhala panyanja miyezi 4 kapena 5 zisanafike pamenepa, anthu akudya mabisiketi ouma ndi nyama ya mchere, osalawa ndiwo zamasamba kapena chipatso. Pofika ambiri amakhala atadwala chiseyeye, nkhama zitatupa, mano akugwedera. Vuto lina linali mphepo. Pa nyanja imeneyo mphepo imaomba miyezi ina kulowera ku India, miyezi ina n'kutembenuka. Chombo chikachedwa pang'ono, chinkayenera kudikira pachilumbapo miyezi yambiri kufikira mphepo itabwerera. Podikirapo amene anapulumuka chiseyeye ankagwidwa ndi malungo ndi kamwazi. Apwitikizi eni ake anafika pomati chilumbachi ndi manda ao.

Anzanga Akatolika mudziwa dzina la Francis Xavier. Iye anafika pachilumbapo mu 1541 pa ulendo wake wa ku India, nakhalapo pafupifupi theka la chaka kudikira mphepo yomweyo, ndipo nthawi imeneyo anaithera kusamala odwala. Cha m'ma 1680 ntchito ya chipatala inaperekedwa kwa abulazala a chipani cha São João de Deus, amene ntchito yao ndi yosamala odwala, ndipo nyumba yao inali pa malo omwewa pamene pali chipatala chimene ndikunenachi. Mu 1834 boma la Portugal linathetsa zipani zonse za amonke ndi kulanda nyumba zao. Kuyambira pamenepo odwala anali m'manja mwa boma, m'nyumba yakale imene siinamangidwire ntchito ya udotolo wa masiku amenewo.

Mu 1877 boma la Lisbon linatumiza gulu la mainjiniya kukayendetsa ntchito zomangamanga ku Mozambique, motsogozedwa ndi Joaquim José Machado. Ameneyu ndi amene pambuyo pake anayeza njira ya njanji yochokera ku Lourenço Marques kupita ku Pretoria, ndipo tauni ya Machadodorp ku South Africa inatchedwa dzina lake. Chipatala chatsopano chinamangidwa pa nthawi ya gulu limeneli.

Apa ndipempha ndichedwepo pang'ono, chifukwa kamangidwe ka nyumbayi kakutiuza zimene madotolo a nthawiyo ankakhulupirira. Iwo ankati matenda amayenda ndi mpweya woipa wochokera m'madambo, m'zonyansa ndi m'matupi a odwala anzako. Ngakhale dzina lachizungu la malungo linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Ngati mdani ndi mpweya, ndiye kuti mankhwala ake ndi mpweya wina. Choncho analeka kumanga chipatala ngati chinyumba chimodzi chotsekeka, nayamba kumanga mawodi paokhapaokha, iliyonse ndi mawindo aatali mbali zonse ziwiri oyang'anizana, denga lili kutali m'mwamba, ndipo pakati pa wodi ndi inzake pali bwalo kuti mphepo ipite. Chipatala cha Lariboisière ku Paris, chimene chinatsegulidwa mu 1854, chinamangidwa chotero, ndipo Florence Nightingale analimbikitsa kamangidwe komweko m'buku lake la zipatala la 1859. Chimene ndinaona pachilumba paja ndi nzeru yomweyo itaoloka nyanja. Ndinaima m'wodi ina yopanda anthu dzuwa lili paliwombo, kunja kukutentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, koma m'katimo munali kamphepo kayeziyezi, popanda fani kapena makina alionse. Ife amene timagwira ntchito m'maofesi a magalasi, amene magetsi akangozima timavula majekete ndi kutuluka panja, tiyenera kuchitako manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti anamanga bwino pa chifukwa cholakwika. Patangopita zaka 3, mu 1880, dotolo wachifalansa Alphonse Laveran anaona kachirombo ka malungo m'magazi a munthu ku Algeria. Mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Mdani sanali mpweya, anali udzudzu. Tsono taganizani: mawindo aakulu otsegula usiku wonse, ndipo pakhomo pomwepo maiwe a madzi odikha okongoletsera munda. Amene anakonza mundawo ankafuna kuti odwala apume mpweya wabwino, osadziwa kuti madzi oima ndiwo moswera udzudzu. Komabe mpweya wodutsa ndi kuwala kwa dzuwa zimathandizadi pa chifuwa chachikulu ndi matenda ena opatsirana popuma, ndiye sitinganene kuti anataya ndalama.

Za zipangizo. Pachilumbapo palibe dothi loumbira njerwa monga kwathu kuno. Makoma ake ndi a mwala wa m'nyanja, umene umapangika ndi tizirombo ta m'madzi, woboola-boola ngati chisa cha njuchi. Mwala womwewo pamodzi ndi zigoba za nkhono ankauotcha kuti apeze laimu, ndipo laimuyo ndiye anali matope omangira, pulasitala ndi njereza yopaka kunja. Nyumba za m'tauni ya miyala zambiri zili ndi madenga afulati: mitanda ya mtengo wolimba umene amautcha mecrusse, pamwamba pake timitengo, kenaka miyala ndi laimu wokhuthala. Denga lotero lili ndi ntchito ziwiri, chifukwa pachilumbapo palibe mtsinje ngakhale umodzi. Madzi a mvula amayenda padenga, n'kutsikira m'zitsime zomanga zosungiramo madzi. Nyumba iliyonse yaikulu inkayenera kudzitungira yokha madzi a chaka chonse kuchokera kumwamba.

Nanga mwala wonsewo unachokera kuti? Funso limeneli ndinamufunsa mnzathu wa ku Nampula uja. Sanayankhe, anangonditenga pamkono kunka nane m'mphepete mwa msewu, nandilozera ku Macuti. Nyumba zambiri za kumeneko zili m'munsi mwa msewu, moti ukaima pamsewu umayang'ana madenga ao pansi, ndipo anthu amatsikira kwao pa masitepe. Ndi m'maenje mmene munakumbidwa miyala yomangira tauni ya kumpoto. Anthu amene anakumba ndi kusenza miyalayo ndiwo anakhala m'maenjemo, ndipo zidzukulu zao zili momwemo. Mvula ikagwa yambiri madzi amadikha m'menemo. Kunena zoona, nsanamira zija zinayamba kuoneka mwina m'maso mwanga kuyambira pamenepo.

Ndipo nkhaniyi siili kutali ndi ife monga mmene mapu akuonetsera. Aphunzitsi athu a mbiri yakale ali pano, andikonze ngati ndaphonya. Minyanga ya njovu imene inalemeretsa chilumbachi inkachokera kumtunda kuno. Poyamba ankabwera nayo ndi Amaravi, pambuyo pake Ayao, kuyenda wapansi kuchokera kunyanja yathu kukafika ku Mossuril, kutsidya kwa chilumbacho. Malonda a minyanga atasanduka malonda a anthu, njira inali yomweyo. Mu Disembala 1794 chombo chotchedwa São José chinanyamuka pachilumbapo ndi akapolo oposa 500 kupita ku Brazil. Chinasweka pa miyala pafupi ndi Cape Town, anthu oposa 200 anamira, ndipo amene anapulumuka anagulitsidwa komweko. Zotsalira za chombocho zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015. Chimenecho ndi chombo chimodzi mwa zambirimbiri. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malonda anapitirira mozemba kwa zaka zambiri. Ukapolo weniweniwo unathetsedwa pa pepala mu 1869, koma omasulidwawo anawalamula kugwirirabe ntchito ambuye ao zaka zina. Chipatala cha 1877 chinamangidwa ndi chuma cha tauni yotere.

Ine ndine Mlhomwe. Agogo ao a mayi anga anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza, n'kudzagwa m'thangata m'minda ya tiyi kuno. Agogo anga aakazi sanaphunzire sukulu, koma liwu limodzi lochokera ku Chipwitikizi ankalidziwa bwino: mbalamatodya, kathabwa koboola kamene ankamenyera anthu m'manja mpaka kutupa. Tikachita mwano ankatiopseza nako. Pachilumba paja anthu amayankhula Chimakua, chimene ndi chibale ndi Chilhomwe, ndipo mawu ena ndinkawamva, mawu amene ndinawamva komaliza m'kamwa mwa agogowo. Ndiye taonani mmene zinandikhalira. Maso akuti nyumba iyi ndi yokongola. Mtima ukuti amene anailamula ndi omwe aja anathamangitsa makolo ako. M'zipatala za atsamunda achipwitikizi odwala ankagonekedwa motsata khungu ndi udindo, ndipo lamulo losiyanitsa mbadwa ndi nzika linathetsedwa mu 1961, dzulodzuloli. Agogo anga akanadwala pachilumbapo sakanakwera masitepe akutsogolo aja ngati bwana.

Kugwa kwa chipatalachi kunayamba chisanamangidwe n'komwe. Ngalande ya Suez inatsegulidwa mu 1869, ndipo sitima zopita ku India zinaleka kuzungulira Africa. Golide atapezeka ku Transvaal, ndalama zonse zinathamangira kummwera, ndipo mu 1898 likulu linasamutsidwa kuchoka pachilumbapo kupita ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo. Chipatala chomangidwira likulu chinatsala m'tauni imene sinalinso likulu, chitangogwira ntchito zaka ngati 20. Pambuyo pake doko lakuya la Nacala linalanda sitima zimene zinatsala. Ifenso tili ndi gawo pamenepo, chifukwa njanji yathu yodzera ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, imathera ku Nacala. Feteleza amene ndinapitira ine ndi katundu wa mtundu umene kale ukanatsikira pachilumba.

Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo patangotha mwezi umodzi boma linatenga ntchito zonse za umoyo kukhala m'manja mwake. Samora Machel zachipatala ankazidziwa, pakuti asanalowe m'tchire anali namwino pa chipatala chachikulu cha ku Lourenço Marques. Apwitikizi ambiri anachoka, ndipo m'dziko lonse munatsala madotolo osakwana 100. Boma latsopano linaika mtima pa katemera ndi tizipatala ta m'midzi, ndipo ine ndikuti linachita bwino, chifukwa anthu ambiri anali kumidziko. Koma zinatanthauza kuti chinyumba chachikulu cha pachilumba sichinali patsogolo pa mndandanda. Kenaka inabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ambiri a ife tikukumbuka misasa ya othawa nkhondo ku Nsanje, ku Mulanje, ku Dedza ndi ku Ntcheu, pamene dziko lathu linasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ena m'malo mothawira kuno anathawira kunyanja, naoloka mlatho uja, nadzaza chilumba. Pa nthawi yotero palibe amene amaganiza zopaka njereza.

Chimene chimandigometsa n'chakuti chitetezo cha nyumbazi chinabwera nkhondo ili m'kati. Mu 1988 Mozambique inakhazikitsa lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe ndi mbiri ya dziko. Mu 1991 bungwe la UNESCO linalemba chilumba chonse, tauni ya miyala ndi Macuti yemwe, m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi, kaundula yemwe uja mmene muli paki ya Lake Malawi kuyambira 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni kuyambira 2006. Mtendere unasainidwa ku Rome chaka chotsatira, pa 4 Okutobala 1992. Tsono monga munthu wa m'boma ndikuuzeni chimene kulembedwa m'kaundula kumatanthauza. Kumatanthauza kuti sungagwetse nyumbayo, sungasinthe maonekedwe ake, ndipo pokonza uyenera kutsata kamangidwe kake ndi kupempha chilolezo. Sikutanthauza kuti wina akutumizira cheke chaka ndi chaka. Udindo wosamala umatsala ndi dziko lenilenilo. Lamulo limamanga manja a munthu wogwetsa, koma mvula siiwerenga gazeti ya boma.

Ndipo nyumba ya mwala ndi laimu imafa mwa njira yake. Imayamba ndi mng'alu waung'ono padenga. Madzi amalowa, nsonga za mitanda zimene zili m'khoma zimaola, tsiku lina denga lonse limatsika. Likatsika, mvula imalowa pamutu pa khoma n'kusungunula laimu. Mbalame zimadya nkhuyu n'kusiya njere m'ming'alu, ndipo mtengo wonga kachere umamera pamwamba pa khoma, mizu yake n'kutsika m'kati mwa mwala kufuna madzi. Ndinaona makoma pachilumbapo amene mtengo wawakumbatira moti ukaudula khoma ligwa, ukausiya khoma ling'ambika. Chinanso chimene sindinkachidziwa ndi chakuti simenti, imene ife timaiyesa mankhwala a nyumba iliyonse, ndi mdani wa khoma lotere. Laimu amalola chinyezi kutuluka. Simenti imachitsekera m'kati pamodzi ndi mchere wa m'nyanja, ndipo mwala umafumbutuka kuseri kwa pulasitala wooneka bwinobwino. Munthu wa mtima wabwino wobwera ndi matumba 50 a simenti akhoza kuononga koposa zaka 50 za kusasamala. Mankhwala ake enieni ndi otopetsa: kumata ming'alu mvula isanayambe, kuzula timitengo tikadali tating'ono, kupaka njereza chaka ndi chaka, ndi kusunga amisiri odziwa kuotcha ndi kukanya laimu. Ntchito zotere palibe nduna imene imabwera kudzadula riboni.

Tili pa masitepe paja tinatsutsana ndi mnzanga amene ndinapita naye, munthu wa maakaunti. Iye anati, "Achimwene, ndalama zokonzera chinyumba ichi zikhoza kumanga zipatala zing'onozing'ono zingati? Achigwetse, amange chatsopano cha malata, amayi awa apeze pogona. Atsamunda anapita, ife tiziwasungira chikumbutso chifukwa chiyani?" Ndinasowa choyankha msanga, chifukwa masamu ake anali oona. Pafupi nafe panali mayi wina wachikulire, nkhope atapaka musiro, ufa woyera wa mtengo umene amayi a kumeneko amadzola. Anafunsa womasulira wathu chimene tinkakanganirana. Atamuuza, mayiyo anaseka, nati iye anabadwira m'chipatala chomwecho, ana ake onse anachirira momwemo, ndipo amuna ake anatsirizikira m'wodi imene tsopano ilibe denga. Anati, "Mukuti ndi cha Apwitikizi? Apwitikizi ake ati? Ine sindinawaonepo akusesa pano." Kenaka anaonjeza kuti chimene akufuna iye ndi denga losadontha ndi mankhwala, zina zonsezo tikambirane ife ophunzira.

Mnzanga uja anati mayiyo wagwirizana ndi iye. Ine ndinati wagwirizana ndi ine. Tinakangana mpaka ku Monapo.

Maganizo anga lero ndi awa, ndipo amene akutsutsa adzandipeze pa nthawi ya tiyi. Apwitikizi analamulira chipatalachi zaka 98, kuchokera 1877 kufika 1975. Kuyambira pamenepo chakhala m'manja mwa eni dziko, ndipo ngakhale pa zaka 98 zija amene anakumba mwala, kuotcha laimu, kutunga madzi, kuchapa nsalu ndi kunyamula maliro anali anthu akuda. Kuchigwetsa sikungalange mtsamunda aliyense, onse amene anachilamula anafa kale. Kungangofafaniza umboni. Mwana wa sukulu ukamuimika pa masitepe aja, n'kumulozera nsanamira kumanja ndi maenje a Macuti kumanzere, wamuphunzitsa utsamunda wonse pa mphindi 5, zimene ife zinatitengera teremu yathunthu. Koma sindigwirizananso ndi aja amafuna kuti nyumba zotere zikonzedwe kuti azungu odzaona malo azijambulapo zithunzi, odwala atasamutsidwira kutali. Kumeneko ndi kubwezera malire akale aja ndi utoto watsopano. Nyumba imakhala ndi moyo ngati muli anthu amene akudandaula denga likadontha. Mawodi amene sangagwirenso ntchito ya udotolo wa lero akhoza kukhala sukulu ya anamwino, nyumba zogona ogwira ntchito kapena mosungira mabuku, bola akhale a anthu a pachilumbapo. Pa za ndalama mnzanga wa maakaunti sindinamugonjetse, ndipo sindinamizira kuti ndinamugonjetsa. Kukonza ndi laimu ndi mitengo yoyenera n'kodula kuposa malata. Chimene ndinamuuza n'chakuti mtengo wa njereza ya chaka chimodzi ndi waung'ono, umakula ndi zaka zimene tazengereza, ndipo bajeti za maboma athu onse zili ndi mzere wa zomanga zatsopano wonenepa ndi mzere wa zokonzetsa woonda. Zimenezo ndimaziona ndi maso anga chaka chilichonse.

Mu Malichi 2022 namondwe wa Gombe anatulukira kumtunda m'boma la Mossuril, pafupi penipeni ndi chilumbacho, naononga nyumba zambiri kumeneko asanafike kuno kudzagwetsa mvula ku Mulanje ndi maboma ena a kummwera. Nditamva pa wailesi, maganizo anga anathamangira kwa mayi wa musiro uja ndi kwa anthu a m'maenje a Macuti, kenaka ku makoma aja opanda denga.

Amene mungafune kukaona nokha, njira yake si yovuta. Mutulukire pa Chiponde kulowa Mandimba, mudzere Cuamba mpaka Nampula, ndipo kuchokera pa Nampula ndi makilomita ngati 180 kudzera Namialo ndi Monapo. Mupite m'chilimwe mvula isanayambe, mutenge pasipoti ndi mankhwala a malungo, ndipo ngati muli ndi wachibale wodziwa Chilhomwe mumutenge, akakuthandizani pamsika. Mukafika musayambire ku linga monga amachitira alendo onse. Mutsike pa chipatala, muyende wapansi.

A Wapampando, ndaona a Msungichuma akuyang'ana wotchi kachitatu, ndipo ndikudziwa kuti nkhani ya masabusikripishoni ikudikira. Zithunzi zimene ndinajambula ndazisiya pa tebulo la kumbuyoko, muzione koma muzibweze.